Anchor Steam: Mowa umene anthu a ku San Francisco anakana kuusiya

Mowa umene ku America amautcha craft beer ndi wofululidwa ndi makampani ang'onoang'ono oima paokha, amene amaika mtima pa kakomedwe ka mowawo kusiyana ndi kuchuluka kwa migolo yotuluka m'fakitale. Bungwe la ofulula otere la Brewers Association linaika malire awiri: kampani isamafulule migolo yoposa 6 miliyoni pachaka, mgolo umodzi kukhala wa malita pafupifupi 117, ndipo gawo limene kampani ina yaikulu ya mowa ili nalo mmenemo lisafike 25 peresenti. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, dziko lonselo linali ndi mafakitale a mowa osakwana 100. Pofika 2021 anali atadutsa 9,000.

Omwa mowa wamtunduwu ali pawiri. Ambiri amathamangira zatsopano: sabata ino alawa uwu, sabata yamawa wina, ndipo mowa umene anauyamikira mwezi watha sangaukumbukirenso dzina. Koma alipo ena amene anapeza mowa umodzi ali anyamata kapena atsikana, n'kukhala nawo mpaka imvi. Akalowa pamalo omwera sayang'ana n'komwe mndandanda wa mowa umene ulipo, ndipo wogulitsa amadziwiratu choti awatsanulire. Mbiri ya mowa wa Anchor Steam wa mumzinda wa San Francisco, m'chigawo cha California, imaonetsa bwino kumene chikondi chotere chimachokera, zimene chingathe kuchita, komanso pamene mphamvu yake imathera.

Chimene chimamangirira munthu ku mowa umodzi

Palibe mwana amene amabadwa akukonda zowawa. Lilime la munthu limakana kuwawa mwachibadwa, chifukwa m'chilengedwe zomera zambiri zapoizoni zimawawa. Koma mowa wa balere umawawa mwadala. Ofulula amathiramo maluwa a chomera choyanga chotchedwa hops, amene amapereka kuwawa ndi fungo, komanso amathandiza kuti mowa usawonongeke msanga. Ndiye kuti aliyense amene amakonda mowa wotere anachita kuphunzira. Katswiri wina wa kaganizidwe ka anthu, Robert Zajonc, anaonetsa mu 1968 kuti munthu akamakumana ndi chinthu mobwerezabwereza amayamba kuchikonda chifukwa chongochizolowera. Mowa umene munthu anaphunzirirapo kupirira kuwawa ndi umene nthawi zambiri umadzakhala muyezo wake woyezera mowa wina uliwonse.

Kuzolowera pakokha sikukwanira. Zambiri zimene anthu amati ndi kakomedwe zimadzera m'mphuno, ndipo mitsempha ya m'mphuno imafika mwachidule ku mbali za ubongo zimene zimasunga zikumbukiro ndi kuyendetsa mmene munthu akumvera mumtima. N'chifukwa chake fungo limatha kudzutsa chinthu chimene munthu anaiwala kalekale. Mowa umene munthu anamwa ndi bambo ake, kapena pa ukwati wake, kapena ndi anzake a kuntchito Lachisanu lililonse kwa zaka makumi awiri, umanyamula zonsezo, ndipo botolo likatsegulidwa zimabwerera limodzi ndi fungolo.

Apa ndi pamene udindo wa wofulula umakulira. Kuti chikumbukirocho chidzuke, mowa wa lero uyenera kufanana ndi wa zaka makumi awiri zapitazo, ndipo zimenezi n'zovuta kwambiri kusiyana ndi kufulula mowa watsopano wodabwitsa. Balere wa chaka chino safanana ndi wa chaka chatha. Maluwa a hops amasintha mphamvu malinga ndi mvula ndi dzuwa la nyengoyo. Yisiti ndi chamoyo, ndipo ikapanda kusamalidwa imasintha khalidwe kapena kulowereredwa ndi mabakiteriya. Makampani akuluakulu nawonso amadziwa kufulula mowa wosasinthasintha, koma wawo amaupanga kuti usakhumudwitse aliyense, motero kakomedwe kake kamakhala kofatsa kwambiri. Mowa wa kampani yaing'ono umakhala ndi khalidwe lakelake lomveka pakamwa, ndipo wofulula wake amadziwika dzina. Zili ngati mmene kumudzi anthu amadutsira makomo awiri kapena atatu amene pali masese, n'kukakhala pakhomo pa mayi mmodzi amene dzanja lake amalidziwa.

Kukonda mowa umodzi motere n'kosiyana ndi uchidakwa, chifukwa chidakwa sichisankha, chimamwa chilichonse chimene chingachiledzeretse. Komabe mowa wokoma ndi mowa ndithu. Chiwindi sichisiyanitsa wa kampani yaing'ono ndi wa yaikulu, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti palibe mlingo wa mowa umene ulibiretu chiopsezo pa thanzi.

Mowa wobadwa chifukwa chosowa ayisi

Golide atapezeka ku California, anthu anakhamukira kumeneko kuyambira 1849, ndipo pakati pawo panali ofulula mowa ochokera ku Germany. Iwowa anazolowera mowa wa lager, umene yisiti yake imagwira ntchito pamalo ozizira, pafupifupi madigiri 10, kenako mowawo n'kusungidwa kozizira kwa masabata angapo. Ku San Francisco kunalibe mafiriji, ndipo ayisi anali wodula kwambiri. Ofululawo anapeza njira ina. Akawiritsa madzi a chimera, ankawapopera m'zigoba zazikulu zosazama zimene zinali pamwamba pa nyumba, kuti mphepo yozizira yochokera kunyanja ya Pacific iwaziziritse usiku. Atatero ankathira yisiti ya lager yomweyo n'kuisiya kuti igwire ntchito pamalo otentherapo kusiyana ndi mmene imafunira. Chotuluka chake chinali mowa wapakatikati, woyera pakamwa ngati lager koma wokhala ndi kafungo ka zipatso ngati mowa wa mtundu wina wotchedwa ale. Anthu ankautcha steam beer. Ena amati dzinali linachokera ku nthunzi imene inkafuka pamadenga usiku, ena amati linachokera ku mpweya umene unkatuluka mwamphamvu mgolo ukabooledwa. Unali mowa wotsika mtengo wa anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo olemera ankaunyoza.

Mu 1896, Ernst Baruth ndi mkamwini wake Otto Schinkel anagula fakitale yaing'ono ya mowa pamsewu wa Pacific n'kuitcha Anchor. Mavuto sanachedwe. Mu 1906 Baruth anamwalira, ndipo pa 18 April chaka chomwecho chivomerezi chachikulu chinagwedeza mzindawo, moto umene unatsatira n'kutentha fakitaleyo. Chaka chotsatira Schinkel anafa pangozi yapamsewu. Ena anapitiriza ntchitoyo mpaka 1920, pamene lamulo loletsa mowa m'dziko lonse la America linayamba kugwira ntchito. Lamulolo litachotsedwa mu 1933, Anchor inatsegulidwanso, koma mu 1934 inapsanso. Inadzukanso, n'kumayenda motsimphina kwa zaka zambiri pamene makampani akuluakulu a lager ankalanda msika ndi mowa wawo wa m'mabotolo ndi m'zitini. Mafakitale ena onse a steam beer anatsekedwa, Anchor n'kutsala yokha. Mu 1959 nayo inatsekedwa, ndipo Lawrence Steese anaitsegulanso mu 1960, koma pofika 1965 inali pafupi kugwa kotheratu.

Kasitomala amene anagula fakitale

Fritz Maytag, wobadwa mu 1937, anali wa m'banja limene linayambitsa kampani yotchuka ya makina ochapira zovala ya Maytag ku Iowa. Anaphunzira ku yunivesite ya Stanford, ndipo ankakonda kudya pa lesitilanti ya Old Spaghetti Factory m'dera la North Beach, pamene ankaitanitsa Anchor Steam nthawi zonse. Mwini malowo, Fred Kuh, nayenso ankaukonda kwambiri mowawo, ndipo tsiku lina mu 1965 anauza Maytag kuti apite akaone fakitaleyo isanatsekedwe. Maytag anapita, ndipo posakhalitsa anagula magawo 51 pa 100 aliwonse a kampaniyo pa ndalama zochepa. Sankadziwa chilichonse chokhudza kufulula. Chimene chinamutengera kumeneko chinali chakuti sanafune kuti mowa umene ankaukonda uzimiririke.

Atalowa mkati anapeza zinthu zomvetsa chisoni. Zipangizo zinali zakale ndi zauve, mowa unkagulitsidwa m'migolo yokha kumalo ochepa, ndipo kawirikawiri unkafika kwa omwa utasasa. Eni malo omwera ambiri anali atasiya kuulandira. Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa chikondi cha Maytag ndi cha anthu ongolira zakale. Iye sananene kuti chilichonse chisiyidwe mmene chinalili poti n'chakale. Anawerenga mabuku a kafululidwe, anagula maikulosikopu n'kuyamba kuyang'ana zimene zinkawononga mowa wake, ndipo anaika ukhondo patsogolo pa zonse. Anasiya zosakaniza zotchipa n'kubwerera ku chimera cha balere chokhachokha. Koma chimene chinkapanga steam beer kukhala steam beer sanachikhudze: yisiti ya lager yogwira ntchito pamalo otentherapo, m'zigoba zosazama zosavindikira. Mu 1969 anagula magawo otsala, ndipo mu 1971 Anchor Steam inayamba kutuluka m'mabotolo. Panatenga zaka pafupifupi khumi kuti kampaniyo iyambe kupanga phindu.

Mowa umene unatuluka m'ntchito imeneyi ndi umene anthu akhala akuukonda kwa zaka zoposa 50. Ukatsanulidwa m'tambula umaoneka wofiirira ngati mkuwa, ndipo pamwamba pamakhala thovu lokhuthala limene silitha msanga, limasiya mizere m'mbali mwa tambula munthu akamamwa. Thovulo limachokera ku njira yakale ya ku Germany, yothira mowa wina umene ukadali kuwira mu mowa wakupsa kale, kuti mpweya upangike mwachilengedwe mmenemo. Pakamwa pamayamba kumveka chimera chokazinga, chotsekemera pang'ono, kenako kumabwera kuwawa kouma kwa hops wa mtundu wa Northern Brewer, wokhala ndi kafungo ka mtengo ndi timbewu tonunkhira. Mphamvu yake ndi 4.9 peresenti. Si mowa wodzidzimutsa, ndipo mwina n'chifukwa chake munthu ankatha kuumwa zaka zambiri osatopa nawo.

Maytag sanalekere pomwepo. Mu 1972 anatulutsa Anchor Porter, mowa wakuda wa mtundu umene unali utatsala pang'ono kuiwalika. Mu 1975 anatulutsa Liberty Ale, pogwiritsa ntchito hops wa Cascade amene anali atangotulutsidwa kumene ku Oregon, wokhala ndi fungo la zipatso za mtundu wa malalanje. Ambiri amauona mowa umenewu ngati kholo la mowa wowawa wa IPA umene unadzadzaza msika wa ku America. Chaka chomwecho anayambitsanso mowa wa pa Khirisimasi. Chaka chilichonse ankasintha zosakaniza zake osaulula, ndipo pa lebulo pankajambulidwa mtengo wosiyana ndi wa chaka chatha. Wojambula Jim Stitt ndi amene anajambula malebulo a Anchor pamanja kwa zaka zambirimbiri. Mabanja ena ankagula mowawu chaka ndi chaka, n'kumasungako mabotolo kuti adzayerekeze kakomedwe ka zaka zosiyanasiyana.

Anthu amene anayambitsa makampani ang'onoang'ono pambuyo pake anaphunzira zambiri ku Anchor. Jack McAuliffe anatsegula New Albion ku Sonoma mu 1976, ndipo Ken Grossman anayamba kufulula Sierra Nevada ku Chico mu 1980. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola anthu kufulula mowa kunyumba, zimene zinabala mbadwo wonse wa ofulula atsopano. Anchor nayo inakula, moti mu 1979 inasamukira m'nyumba imene kale ankakazingiramo khofi pamsewu wa Mariposa, m'dera la Potrero Hill, mmene munaikidwa miphika ikuluikulu yamkuwa yochokera ku Germany. Koma Maytag ankaopa kukula kopyola muyezo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaganizapo zogulitsa masheya a kampaniyo pamsika kuti apeze ndalama zokulitsira fakitale, kenako anabweza maganizo, poona kuti eni masheya adzafuna kukula kosalekeza ndipo mowa ndi umene udzavutike.

Mwini akasintha

Mu 2010 Maytag, ali ndi zaka zoposa 70, anagulitsa Anchor kwa Keith Greggor ndi Tony Foglio, amene kale ankagwira ntchito kukampani ya vodka ya Skyy. Mu 2017 kampani ya Sapporo ya ku Japan inagula Anchor pamtengo wa madola pafupifupi 85 miliyoni. Kuyambira pamenepo, malinga ndi malire a Brewers Association, kampani imene ambiri amati ndiyo inayambitsa craft beer sinkawerengedwanso m'gululo. Mu 2019 ogwira ntchito anavota kulowa m'bungwe loyimira antchito la ILWU, podandaula kuti malipiro awo sankagwirizana ndi kudula kwa moyo mumzindawo.

Chimene chinakwiyitsa kwambiri okonda mowawu chinachitika mu 2021, kampaniyo ikukwanitsa zaka 125. Eni atsopanowo anachotsa lebulo yakale yojambula pamanja, ija ya nangula wozunguliridwa ndi balere ndi hops, n'kuikapo ina yachikasu chowala yokhala ndi zilembo zikuluzikulu. Cholinga chinali chakuti mowawo uzioneka msanga pashelefu pakati pa mazana a mowa wina. Mowa wa m'botolomo unali womwewo, komabe anthu anadandaula kwambiri, ndipo kudandaula kwawo kunali komveka. Munthu amene wakhala akumwa mowa umodzi kwa zaka 30 amauzindikira ndi maso asanaulawe, ndipo lebulo, kaumbidwe ka botolo ndi kulemera kwake m'manja zimakhala mbali ya chimene amachikonda. Kampani imene imasintha zimenezi pofuna kukopa makasitomala atsopano imakhala ikuuza akalewo kuti kukhulupirika kwawo sikukukwanira.

Vuto linali lakuti mawu amenewo anali ndi choonadi chake. Malonda a Anchor anali akutsika kwa zaka zingapo. Msika umene Anchor inathandiza kukhazikitsa unali utasanduka wa zatsopano zokhazokha, wa mowa wa IPA wonunkhira kwambiri ndi wina wothira zipatso, ndipo achinyamata ankaona Anchor Steam ngati mowa wa makolo awo. Mliri wa Covid-19 unatseka malo omwera ndi malesitilanti, kumene kampaniyo inkagulitsa gawo lalikulu la mowa wake. Mu June 2023 kampaniyo inalengeza kuti isiya kugulitsa mowa kunja kwa California komanso kuti mowa wa pa Khirisimasi sutulukanso. Pa 12 July 2023 inalengeza kuti ikutseka, patatha zaka 127.

Zimene zinachitika masiku otsatirawo zinadabwitsa ambiri. Anthu anandandana m'mizere yaitali pa Anchor Public Taps, malo omwera a kampaniyo oyandikana ndi fakitale, kudikira maola kuti amwe tambula yomaliza ndi kugula makatoni, zipewa ndi malaya. M'masitolo mowawo unatheratu m'masiku ochepa. Eni mabala ena anasunga migolo yawo yomaliza kuti adzaitsegule pa tsiku lapadera. Chisoni chimenechi chinali chenicheni, koma n'zoonanso kuti ena mwa olirawo anali atatha zaka osagula botolo ngakhale limodzi. Ankasangalala kudziwa kuti Anchor ilipo, monga mbali ya mzinda wawo, koma ndalama zawo zinkapita ku mowa wina. Fakitale ya mowa imalipira antchito, magetsi, madzi ndi balere ndi ndalama za anthu amene amagula sabata ndi sabata, ndipo anthu oterowo anali atachepa. Eni ake analakwitsa zambiri, koma mlandu wonse sungakhale wawo okha.

Ogwira ntchito ena anakhazikitsa kopaletivu n'kuyamba kusonkhanitsa ndalama kuti agule kampaniyo n'kumaiyendetsa okha, koma sizinatheke. Mu May 2024, Hamdi Ulukaya, mwini kampani ya yogati ya Chobani, analengeza kuti wagula Anchor yonse: fakitale ya ku Potrero Hill, dzina, ndi njira zofululira. Ulukaya, wobadwira ku Turkey, anayambitsa Chobani pogula fakitale yakale ya yogati imene kampani ina yaikulu inali itatseka m'chigawo cha New York mu 2005. Iye ananena kuti cholinga chake ndi kutsegulanso Anchor ku San Francisco komweko ndi kubwezeretsa maonekedwe ake akale.

Kudzutsa mowa umene unaima n'kovuta kusiyana ndi kugula dzina lake. Pepala lolembapo zosakaniza limanena kuchuluka kwa chimera ndi hops, koma kakomedwe kamadaliranso yisiti yeniyeniyo imene iyenera kusungidwa yamoyo, madzi a mumzindawo, kuzama kwa zigoba zowiritsira, ndiponso ofulula amene amadziwa mwa fungo ndi maonekedwe a thovu kuti mowa wafika pati. Mtundu wa mowawu pawokha sunathe. Popeza Anchor inalembetsa dzina la Steam Beer kukhala lake mu 1981, makampani ena amene amafulula mowa wofanana nawo amautcha California common, ndipo anthu ambiri ofulula kunyumba ku America amaupanga ndi yisiti ya lager ya mtundu wa ku San Francisco ndi hops wa Northern Brewer, pofuna kufika pafupi ndi kakomedwe ka Anchor Steam.